Mphunzitsi wa Ana Akaweruka

Ntchito yake imayamba ana asanafike, ndipo choyamba kuchiyang'ana ndi dzuwa. Amaima pabwalo n'kuyerekeza pomwe mthunzi wa mtengo wa mango udzakhale likatha ola limodzi, pakuti mthunzi wa masana suchedwa kusuntha, ndipo woyala pomwe pali mthunzi tsopano amapeza ana ali padzuwa nthano ili pakati. Akapadziwa, amayala matumba a feteleza otumbula mokhotetsa, osati m'mizere, kuti mwana aliyense aziona nkhope ya mnzake. Bolodi lake ndi thabwa lopakidwa utoto wakuda. Amalitsamiritsa patsinde la mtengo molipendeketsa pang'ono kuti lisamanyezimire.

Kenaka amagawa malo m'mutu mwake. Pomwe mthunzi wakhuthala, pafupi ndi bolodi, ndi pa mnyamata wachialubino, ndipo kuwala kumakhala kumsana kwake chifukwa maso ake salimbana nako. Mtsikana amene amamva pang'ono ndi khutu lakumanzere lokha amakhala poti khutu limenelo lilunjike kwa mphunzitsi, nkhope ya mphunzitsiyo ikuoneka bwino. Ndiye kuti mayi wophunzitsayu ndi amene amayang'anizana ndi kuwala masana onse, maso akumuwawa, kuti mwana uja athe kutsatira milomo yake. Wobwera pa njinga ya olumala amapatsidwa chakumapeto, pomwe palibe mizu yotumphuka. Wa khunyu amakhala poti dzanja la mayiyu lifikepo msanga, ndipo miyala ya pamenepo anaitola kale. Ana akamafika ndi phokoso lawo, palibe amene amadziwa kuti anakonzeredwa malo. Iye amangoti, “Iwe, bwera apa undigwirire choko,” mwana n'kukhala pomwe amafunika kukhala.

Mayiyu si mphunzitsi wa boma. Sukulu analekezera Fomu 2, ndipo anthu anamusankha pamsonkhano wa kwa mfumu kuti aziwerengetsa ana masana, kawiri pa sabata, popanda malipiro. Otere alipo ambiri m'dziko muno, amayi ndi anyamata omwe, m'malo amene ena amati kampu yowerengera, ena amati malo owerengera a m'mudzi. Chomwe chinabala ntchitoyi tonse timachidziwa. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika poposa 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Chinali chinthu chabwino, ndipo palibe kholo lomwe lingafune kubwerera kumbuyo. Koma mpaka lero si zachilendo kupeza kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 ili ndi ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi. Mphunzitsi wotere, ngakhale akhale waluso chotani, sangamvetsere mwana aliyense akuwerenga payekha. Kalasi yonse ikamabwereza mokweza zomwe zili pabolodi, mwana wosadziwa amangogwedeza milomo limodzi ndi anzake, n'kumakwera makalasi osazindikira ngakhale zilembo za dzina lake. Bungwe la Save the Children linayesa makampu owerengera ku Zomba mu 2009 pa ndondomeko yake ya Literacy Boost, mabungwe ena monga World Vision nawo akhala akuchita zotere, ndipo boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016 pofuna kukonza kaphunzitsidwe ka kuwerenga m'makalasi oyambirira. Mabungwewo amabweretsa timabuku ndi maphunziro a masiku ochepa. Zotsalazo zimatuluka m'mutu ndi m'manja mwa wodziperekayo.

Chomwe ndimachigomera kwambiri mwa mayiyu ndi m'mene amalandirira mwana watsopano. Samulembetsa mayeso. Amamukhazika pambali, n'kumukhuthulira zotsekera mabotolo zingapo zomwe m'kati mwake anamatamo zilembo, kenaka amati, “Ndipatseko a, mwanangu.” Akatero amakhala chete n'kumayang'anitsitsa. Mwana akapereka chotsekera cholakwika, kwa ambiri a ife nkhani yathera pomwepo: sadziwa. Kwa iye ndi pomwe funso layambira, chifukwa ana atatu akhoza kulakwitsa mofanana pa zifukwa zosiyana. Wina chilembocho sakuchidziwadi. Wina akuchidziwa koma sakuchiona bwino, ndipo amadziulula ndi kupendeketsa mutu komanso kuyandikitsa chotsekeracho kumphuno. Wina sanamve chomwe wapemphedwa, ndipo maso ake amakhala dwii pakamwa pa wolankhula, osati pa zilembo. Mayiyu amabwereza pempholi ataima kumbuyo kwa mwanayo, motsitsa mawu. Amalembanso chilembo chomwecho pansi ndi kamtengo, chachikulu, n'kuona ngati nkhope ya mwana yasintha. Ana atatu onsewa kusukulu ndi kunyumba amapatsidwa dzina limodzi, lakuti ouma mutu, ndipo ena amakula nalo mpaka kulikhulupirira. Iye pakutha pa masana awiri kapena atatu amakhala atawalekanitsa, ndipo aliyense amamuyambira pomwe anakakamira.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo anawerenga anthu achialubino 134,636. Choncho gulu lililonse la ana a m'mudzi likasonkhana, mwana wa ulumali amakhalapo, kaya waoneka kaya wasiyidwa kunyumba. Lamulo la 2012 lokhudza anthu aulumali linaletsa kusala mwana pa maphunziro chifukwa cha ulumali wake. Koma lamulo limangomulowetsa mwana m'kalasi, pomwe kumuphunzitsa kumafuna munthu amene wamuzindikira.

Zipangizo zambiri za mayiyu zimakwana m'thumba limodzi la mpunga. Aphunzitsi athu ali ndi dzina la luso lotere, TALULAR, lomwe Malawi Institute of Education ya ku Domasi yakhala ikulimbikitsa: kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zopezeka pamalopo. Mayiyu amazichita mwaudongo wodabwitsa. Zilembo za liwu zisanu zija anaziika pa zotsekera zofiira, zina zonse pa zobiriwira, moti mwana amazindikira yekha kuti phatikizo lililonse limathera pa chofiira asanauzidwe lamulolo. Ali ndi katoni yomwe anaiboola kawindo, pambali pake analembapo m, ndipo kuseri kumadutsa kachingwe ka pepala lolimba. Akakakoka, pawindo pamatuluka ma, me, mi, mo, mu. Ana amalimbirana kukoka. Zilembo sazitenga kuyambira a mpaka z ayi. Amatsata mndandanda womwe aphunzitsi ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti anikumeto, woyamba ndi zilembo zopezeka kawirikawiri m'Chichewa. Phindu lake limaoneka msanga. Mwana wodziwa a, n ndi i amalemba kale “ana” ndi “ina”. Akawonjezera k, u ndi m amafika pa “kumana” ndi “mkaka”, ndipo zisanu ndi zinayi zonse zikakwana, “moto”, “mutu” ndi “atate” zili m'manja mwake. Mwana amene kwa zaka ziwiri wakhala akungotsatira anzake, tsiku lomwe wasanja yekha mawu enieni ndi zala zake amathamangira kunyumba zotsekera zili m'thumba, ndipo mayiyu amachita ngati sanaone.

Pomwe ana ambiri amagwa ndi pa maphatikizo a zilembo zingapo: mba, nda, nkha, mpha, tcha, ng'a. Apa ndi pomwe luso lake limakoma kuonerera. Pofuna kusiyanitsa “pala” ndi “phala”, kapena “kuta” ndi “kutha”, amathothola tsamba lanthete n'kuligwira patsogolo pa milomo yake. Akati pa, tsamba limangokhala. Akati pha, tsamba limagwedezeka ndi mpweya. Mwana aliyense amathyola tsamba lake, ndipo bwalo lonse limadzaza ndi pa, pha, ta, tha, ka, kha, kuseka kuli pakati. Njirayi anaiganizira mtsikana wosamva bwino uja, amene khutu lake silikanatha kugwira kampweya kameneka koma maso ake akanatha kukaona. Chodabwitsa n'chakuti ana akumva bwinobwino omwe ankaiwala h polemba anasiya kumuiwala. Pa m ndi n amawagwiritsa chala pamphuno kuti amve kunjenjemera. Pa ng' ndi ng amajambula ng'ombe ikukoka ngolo, n'kuwauza kuti atchule mawu awiriwo pang'onopang'ono, dzanja lili pakhosi, mpaka amve okha pomwe g akugunda ndi pomwe sakugunda.

Chilankhulo chamanja sachidziwa kwenikweni, ndipo sanamizira kuchidziwa. Sukulu za ana osamva zilipo, monga Maryview ku Nguludi, Mua ku Dedza, Mountain View ku Bvumbwe ndi Embangweni ku Mzimba, koma n'zochepa ndipo kwa mabanja ambiri zili kutali. Chomwe iye anachita n'kupita kwa mng'ono wake wa mtsikana uja n'kumufunsa kuti, “Kunyumba mukafuna kunena madzi mumatani? Nanga njala? Nanga agogo?” Mwana aliyense wosamva amakhala ndi zizindikiro zomwe anapangana ndi abale ake, ndipo mayiyu anayamba ndi zimenezo, n'kumaonjezera zomwe watolako kwa odziwa. Anadziletsanso zizolowezi zomwe ngakhale aphunzitsi ophunzira bwino zimawavuta kusiya. Salankhula atatembenukira kubolodi. Sakuwa, chifukwa kukuwa kumapotoza milomo. Mwana wina akayankha, amayamba wamuloza kuti mtsikana uja adziwe koyang'ana, ndipo yankholo amalibwereza yekha.

Pali mwana mmodzi wosaona, wa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, yemwe amabwera atagwira phewa la mlongo wake. Chomwe mayiyu anamukonzera ndi thileyi ya mazira yodulidwa kuti patsale maenje asanu ndi limodzi, atatu kumanzere, atatu kumanja. Umu ndi m'mene chilembo cha Braille chimakhalira: timadontho tisanu ndi kamodzi, towerengedwa 1, 2, 3 kutsika kumanzere, 4, 5, 6 kutsika kumanja. Kamwala kamodzi m'dzenje loyamba ndi a. Timiyala m'dzenje 1 ndi 3 ndi k. Chilembo e ndi 1 ndi 5, pomwe i ndi 2 ndi 4, ndipo ziwirizi zimasokoneza ana chifukwa china ndi chinzake chotembenuzidwa. Mayiyu amazisiyanitsa masiku, saziphunzitsa limodzi. Anaziphunzira kwa mphunzitsi wa ana osaona wa pasukulu ina ya m'deralo, mmodzi mwa omwe anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, komwe kumachokera aphunzitsi ambiri a ana aulumali m'dziko muno. Mphunzitsiyo anamulangiza kuti asathamangire zilembo, ayambe wakonza zala. Ndiye mwanayo amapatsidwa lichero lomwe muli nyemba, nandolo ndi chimanga zosakaniza kuti azisankhe. Amalondola ndi nsonga ya chala ulusi womatidwa pa katoni, kuchokera kumanzere kupita kumanja, n'kubwerera kukapeza mzere wotsatira osasochera. Amaphunzira kukhudza mopepuka, pakuti chala chopanikiza chimafafaniza timadontho ta papepala ndipo chimatopa msanga. Akadzafika pa Braille weniweni, kaya pasukulu ya pafupi kaya ku Chilanga ku Kasungu kapena ku Lulwe ku Nsanje, zala zake zidzakhala zitadzuka kale.

Ana enawo ataona thileyi ija anaifuna nawo. Mphunzitsi wina akanawathamangitsa kuti asasokoneze mnzawo. Iye anadula mathileyi ena atatu, n'kuwauza kuti atsinzine, ndipo woweruza ngati akhoza kapena ayi anakhala mwana wosaona uja. Ine pamenepa ndi pomwe ndimaona nzeru zakuya. Mwana wa ulumali amazolowera kukhala wothandizidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo ngakhale chifundo chimalemera chikamangochokera mbali imodzi. Kumupatsa chinthu chomwe iye yekha ndiye katswiri wake, anzake n'kumamufunsa kuti “Ndakhoza?”, kumasintha m'mene amakhalira pathumba paja. Amakhala tsonga, mawu ake n'kumamveka.

Za mnyamata wachialubino zilibe zambiri, koma n'zofunika. Amamulembera ndi makala kapena cholembera chonenepa pa katoni yoyera, zilembo zazikulu zotalikirana. Akayandikitsa buku kumaso, samuletsa, chifukwa umo ndi m'mene amaonera, ndipo chipewa chake sachivulitsa. Anawafotokozera makolo ake kuti mwanayu akuona, kungoti amaona pafupi, ndipo safunika Braille. Kuyambira pomwe nkhanza zochitira anthu achialubino zinakula m'dziko muno cha m'ma 2014, mayiyu salola kuti mwanayu abwerere yekha. Amaweruka dzuwa likadalipo, ndipo amadziwa wamkulu amene akumuperekeza tsiku limenelo. Kwa mwana wa manja onjenjemera, pensulo anaikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga kuti inenepe, kope n'kulipanikiza pathabwa ndi zopanira zovala.

Nthano ndiyo imasonkhanitsa onse. Akati “Padangokhala,” bwalo lonse limayankha “Tili tonse,” ndipo m'dengu mwake mumatuluka zinthu za m'nthanomo: chikho, nthenga, kachigoba ka nkhono. Zimayenda dzanja ndi dzanja, kuti wosaona azigwire, wosamva azione. Pakati pa nthano amaima n'kufunsa chomwe kalulu achite tsopano. Akaloza mwana wochedwa kuganiza kapena wachibwibwi, manja a anzake amakhala ali m'mwamba kale, ena akudumphadumpha. Iye amangotambasula chikhato n'kunena kuti, “Dikirani, mnzanu akubwera nalo.” Amadikiradi, nkhope ili phee, osamumalizira mawu, osayang'ana kumbali. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa mphindi imodzi pakati pa ana makumi atatu ndi ntchito yolemetsa kuposa m'mene imaonekera. Yankho likatuluka, kuyamikira kwake sikungothera pa kuwomba m'manja. Amatchula chomwe mwana wachita: “Wakhoza chifukwa unakumbukira kuti kalulu anabisa chikho kumayambiriro kuja.” Mwana amadziwa chomwe achitenso mawa.

Gawo lina la ntchitoyi silichitikira pabwalo. Ana ena aulumali sabwera okha, amachita kukatengedwa, ndipo pakhomo la munthu sufikapo ndi malamulo. Mayiyu amaodira, amakhala pamphasa, amafunsa za kumunda, ndipo nkhani ikafika amati, “Agogo, ndabwera kudzapempha mdzukulu wanuyu. Ndikusowa wondisungira zotsekera zanga.” Agogo akayankha kuti, “Iii, mayi, ameneyu angakachite chiyani kumeneko? Azikangosekedwa,” iye sawatsutsa, pakuti mantha awo ali ndi pochokera. Amawafunsa zomwe mwanayo amatha pakhomo, ndipo agogo omwewo amayamba kuwerengera: amadziwa nkhuku zonse, amasankha nyemba, nyimbo za kutchalitchi saiwala. Pomaliza amawapempha kuti tsiku loyamba abwere naye okha adzaone. Za khunyu ndiye zimafuna kulimba mtima, chifukwa alipo ambiri amene amakhulupirira kuti munthu akhoza kutengera matendawa pokhudza wodwala. Tsiku lomwe mwana wa khunyu uja anagwa, anzake anabalalika. Mayiyu anapinda chitenje n'kumuikira kumutu, osamupanikiza, osamuika kanthu m'kamwa, ndipo kugwedezeka kutatha anamugoneka chammbali mpaka anatsitsimuka. Kenaka anaitana ana aja, mwanayo ali pamwendo pake, n'kuwauza kuti khunyu sapatsirana. Madzulo anakakumbutsa makolo za mankhwala a kuchipatala, omwe safuna kudumphitsa.

Sindikufuna kuti kukoma kwa ntchitoyi kubise kulemera kwake. Mayiyu ali ndi munda wake ndi ana ake. M'dzinja, njala ikafika pachimake, ana amachepa pabwalo chifukwa ali ku ganyu ndi makolo awo, ndipo obwerawo amasinza. Mvula ikagwa amathawira pakhonde la tchalitchi. Timabuku timang'ambika, tina chiswe chimadya, ndipo ntchito ya bungwe ikatha palibe wobweretsa tatsopano. Odzipereka ambiri amatopa n'kusiya, ndipo sindingawadzudzule. Chimandiwawa n'chakuti luso lotere timaliyesa laulere chifukwa mwini wake salipiritsa. Silingalowe m'malo mwa makalasi okwanira, aphunzitsi a ana aulumali ochuluka, magalasi a maso, kapena makina othandiza kumva. Mudzi womwe uli ndi munthu wotere uyenera kumulimira ndime imodzi, ndipo komiti ya sukulu iyenera kumugulira choko osadikira kuti apemphe.

Ana akabalalika, iye amatsala ndi kope lake lachikuto chothimbirira. Tsamba lililonse ndi la mwana mmodzi, ndipo salembamo mamalikisi. Amalemba zinthu monga izi: akusokoneza b ndi d; wawerenga yekha mizere itatu; lero sanamve nditamuitana kumanja; abwereze e asanaone i. Pa zimenezi ndi pomwe amakonzera tsiku lotsatira, kudziwa zotsekera zoti atulutse ndi ana oti awakhazike awiriawiri, wodziwa ndi wongoyamba. Kamodzi pa mwezi amatenga kopelo kupita nalo kusukulu nthawi yopuma, n'kukhala pansi ndi mphunzitsi wa Sitandade 2. “Madamu,” amatero, “uyu musamuike kumbuyo, khutu lakumanja silimva. Uyu akulemba mochedwa chifukwa bolodi saliona, mumulole aziyandikira.” Mphunzitsi wa ana oposa 100 sakanazipeza yekha zimenezi, ndipo wanzeru amazilandira ndi manja awiri. Mayina omwe akufuna woyeza maso kapena makutu amawalemba papepala lapadera, lomwe aphunzitsi aakulu amalipereka kwa mphunzitsi wa ana aulumali akabwera kudzayendera sukuluyo.